Mmene Mungaunikire Ganizo Lopereka Ndalama kwa Aliyense Mwezi ndi Mwezi

Chuma chikagwedezeka, kapena makina ndi makompyuta akayamba kugwira ntchito zimene ankagwira anthu m'mafakitale, m'mabanki ndi m'maofesi, pamabuka ganizo lakuti boma lizipatsa nzika iliyonse ndalama yofanana mwezi uliwonse, popanda kufunsa ngati munthuyo ali pa ntchito kapena ayi. Musanalivomereze kapena kulikana, liunikeni motere.

Yambani ndi kutsimikiza kuti chimene chikukambidwa ndi chimenechodi. Ndalamayo iyenera kupita kwa aliyense, munthu payekha osati banja, ndipo wolandirayo asauzidwe zoti achite kuti aipeze. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, sali m'gulu limeneli chifukwa amasankha mabanja ovutikitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. Ngakhale ku Finland, kumene anthu amakutchula kawirikawiri, ndalama ya mayuro 560 pamwezi mu 2017 ndi 2018 inaperekedwa mongoyesa kwa anthu 2,000 okha, onsewo osowa ntchito.

Kenako tengani cholembera muwerengetsere, pakuti apa ndi pamene malonjezo ambiri amagwera. Tiyerekeze kuti dziko lili ndi anthu 20 miliyoni ndipo aliyense azilandira K10,000 pamwezi. Ndalama zonse pamodzi ndi K200 biliyoni pamwezi, kapena K2.4 thiriliyoni pachaka, pomwe K10,000 yokhayo siingagule ngakhale thumba limodzi la chimanga. Chiwerengero chimene mwapezacho chiikeni pambali pa ndalama zonse zimene boma limatolera pa misonkho, ndipo funsani wolonjezayo kuti zidzachokera kuti. Ku Alaska, chigawo cha dziko la America, yankho lake ndi lodziwika: kuyambira mu 1982 anthu okhala kumeneko amagawana chaka ndi chaka phindu la thumba limene linakhazikitsidwa ndi ndalama za mafuta. Wopanda gwero lotere amatsala ndi misonkho, ngongole kapena kusindikiza ndalama, ndipo njira yomalizayi imakweza mitengo ya zinthu n'kulanda ndi dzanja lamanzere zimene dzanja lamanja lapereka.

Pa chifukwa chomwecho, musaiyeze ndalamayo ndi manambala ake koma ndi zimene imagula. Dziko la Iran litachepetsa thandizo lotsitsa mitengo ya mafuta mu 2010 linayamba kupatsa pafupifupi nzika zonse ndalama m'manja, koma m'zaka zochepa kukwera kwa mitengo kunaidya mphamvu. Aliyense amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu November 2023 akudziwa kuti ndalama imene sikwera pamodzi ndi mitengo ya ufa, sopo ndi thiransipoti imasanduka ya mchere wokha. Funsani ngati lamulo lidzanena poyera za kuikweza.

Zotsatira za mayesero ziwerengeni mofatsa. Ku Finland olandirawo anati nkhawa zinachepa, koma pa kupeza ntchito kusiyana kunali kwakung'ono. Ku Otjivero m'dziko la Namibia anthu ankalandira madola 100 a dzikolo pamwezi kuyambira mu 2008, ndipo ku Kenya bungwe la GiveDirectly linalonjeza midzi ina ndalama za zaka 12. Kutalika kwa nthawi n'kofunika kwambiri, chifukwa munthu wodziwa kuti ndalama idzatha pakapita zaka ziwiri sasiya ganyu kapena kutsegula okala mofanana ndi amene akudziwa kuti idzabwerabe. Dziwaninso kuti mayesero a ku Namibia ndi ku Kenya analipiridwa ndi opereka thandizo, motero sakuonetsa chimene chimachitika anthu akamalipira okha kudzera m'misonkho, ndiponso sanachitikire pakati pa anthu olandidwa ntchito ndi makina.

Njira yofikitsira ndalamayo anthu ambiri amaipeputsa. Ngati idzadutsa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, werengerani zimene zimadulidwa potapa kwa ejenti, mtunda umene agogo adzayende, komanso anthu opanda foni kapena chiphaso cha unzika.

Pomaliza funsani chimene chidzachotsedwe kuti ndalamayi ipezeke, kaya ndi feteleza wotsika mtengo, mankhwala a m'zipatala za boma kapena penshoni. Nkhani ya mtengo wake inakula kwambiri ku Switzerland mu June 2016, pamene ovota pafupifupi 77 mwa 100 aliwonse analikana ganizoli.