Kuphunzitsa mwana pakhomo: muyambire pati?

Mayi wina wa ku Dedza wafunsa kuti: "Ndikufuna mwana wanga aziphunzirira pakhomo. Ndiyambire pati?"

Mayi, njira zake zilipo ziwiri. Homeschooling ndi sukulu ndithu, kungoti ya pakhomo: pamakhala nthawi yake, mabuku ndi silabasi. Unschooling, yomwe mphunzitsi wa ku America John Holt anaitchukitsa m'zaka za m'ma 1970, ilibe silabasi. Mwana amatsata chimene chamukopa mtima, kholo n'kumamuwongolera.

1. Musanamuchotse kusukulu, kafikeni ku ofesi ya maphunziro pa boma. Lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kuphunzira pulayimale, ndiye mukamve kwa iwo zoyenera kutsata.

2. Pezani silabasi ndi mabuku a bungwe lokonza silabasi la Malawi Institute of Education (MIE) la ku Domasi.

3. Za mayeso muziganizire lero lomwe, osati mwana atafika zaka 13. Satifiketi za PSLCE (Sitandade 8), JCE (Folomu 2) ndi MSCE (Folomu 4) zimachokera ku bungwe la mayeso la MANEB, ndipo mwana amalembera pa senta yovomerezeka. Apa m'pomwe unschooling yokhayokha imavutira kwathu kuno, chifukwa mafunso amachokera m'silabasi. Ndikanakhala ine, ndikanasakaniza ziwirizi.

4. M'mawa mutu usanatope, kuwerenga ndi masamu. Masana mutengeni kumsika wa Lizulu akawerengere yekha chenji cha mbatata ya kachewere. Tsiku lina akaone zojambula za pamiyala ku Chongoni, pobwera adzalembe zomwe waona.

5. Makope ake muzisunga, aliwonse ndi deti lake.

6. Asasowe anzake: mpira, kwaya, Sande sukulu kapena madrasa.