Momwe mungapezere chakudya pachilumba cha alendo popanda kusungitsiratu malo

Pachilumba chaching'ono malo odyera amakhala owerengeka, ndipo akadzaza simungakwere basi n'kukayesa tauni ina. Nyengo ya tchuthi ikafika, anthu amachuluka koma matebulo amakhala omwe aja. N'chifukwa chake ena amayamba kusungitsa malo kudakali milungu ingapo. Komatu si aliyense amene amafuna kudziwiratu lero chimene adzadye Lachinayi la sabata yamawa. Pali mabanja a ana aang'ono amene njala yawo siyendera wotchi, palinso ena amene akufuna kungotuluka m'madzi, kuvala malaya n'kukadya. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, musade nkhawa. Malo amapezeka, ndipo kawirikawiri chakudya chake chimakoma kuposa cha m'malesitilanti otchuka, bola mudziwe nthawi imene eni chilumba amadya komanso kumene amadyera.

1. Yambani ndi kudziwa nthawi imene eni dera amadya

Alendo ambiri amavutika chifukwa amafuna kudya pa ola limene mlendo wina aliyense akufunanso kudya. Ola limeneli limakhala pakati pa 7 ndi 9 koloko madzulo, makamaka kumene anthu amakonda kudya akuonerera dzuwa likulowa. Ku Oia, pachilumba cha Santorini ku Greece, tinjira timathinana ndi anthu dzuwa likamalowa, ndipo tebulo lililonse loyang'ana kunyanja limakhala kuti lili ndi mwini. Mukafulumirako kapena kuchedwerako pang'ono, mudzaona kuti malo omwewo ali ndi mipando yopanda anthu.

Koma kuti mufulumire kapena muchedwe moyenera, muyenera kudziwa chizolowezi cha kumeneko. Ku Mallorca, Ibiza ndi Tenerife, zilumba za dziko la Spain, eni dera amadya nkhomaliro cha m'ma 2 koloko mpaka 4, ndipo chakudya chamadzulo amachiyamba cha m'ma 9. Makhitchini ambiri amapumula pakati pa nthawi ziwirizi. Mukatuluka 6 koloko njala ili m'mimba, mudzangopeza malo ophikira alendo okhaokha. Mukafika pomwe akutsegula zitseko cha m'ma 8, mudzasankha nokha pokhala. Ku Greece nakonso anthu amadya usiku kwambiri. Ku Hawaii n'zosiyana: anthu amadya msanga ndipo makhitchini ambiri amatseka usiku usanapite patali, choncho wochedwa ndiye amagona ndi njala.

Ine ndimalangiza kuti nkhomaliro ikhale chakudya chanu chachikulu. Masana anthu amakhala ali kugombe, ndipo malo amene usiku salandira munthu wosasungitsa malo amakulandirani ndi manja awiri. Ku Spain malo ambiri amakhala ndi chimene amachitcha menú del día masiku a ntchito: mbale ziwiri, buledi, chakumwa ndi kotsekemera komalizira, zonse pamtengo umodzi. Mukadya chotere masana, madzulo mumangofuna kakudya kopepuka, ndipo kopepuka sikasowa.

2. Onani kalendala musanakwere boti kapena ndege

Pali masiku ena amene nzeru zonsezi sizithandiza. Tsiku la 15 Ogasiti ndi tchuthi chachikulu ku Greece, Italy, Spain ndi Malta, ndipo sabata imeneyo zilumba zimadzaza ndi eni dziko amene abwera ndi mabanja awo. Ku Zanzibar, m'mwezi wa Ramadan, malo ambiri odyera a anthu wamba amakhala otseka masana ndipo amatsegula dzuwa likalowa. Mlendo waulemu sadyeranso pamsewu anthu akusala. Ku Bali, chilumba cha dziko la Indonesia, kuli tsiku la Nyepi, limene chilumba chonse chimakhala chete kwa maola 24. Masitolo amatseka, bwalo la ndege limatseka, ndipo alendo amayenera kukhala kumalo awo ogona. Ulendo wanu ukagwera pamasiku otere, gulanitu chakudya kapena gwirizanani ndi a kumalo ogona.

Nyengo yopanda alendo ilinso ndi vuto lake. Pazilumba zing'onozing'ono za m'nyanja ya Mediterranean malo ambiri amatsekeratu m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo. Amene amatsala ndi odyeramo eni dera, ndipo amapezeka m'tauni yaikulu kapena kudoko.

Chinanso chimene ambiri sachiganizira ndi sitima zikuluzikulu zoyendetsa alendo panyanja. Zazikulu kwambiri zimanyamula anthu oposa 5,000. Kawirikawiri zimakocheza m'mawa n'kunyamuka madzulo, ndiye tsiku limenelo tauni ya kudoko imakhala yosapondeka masana koma imapepuka usiku. Masiku amene sitimazi zimafika amalembedwa pa intaneti, ndipo woyendetsa takisi aliyense amawadziwa. Tsiku la sitima, nkhomaliro kadyereni kutali ndi doko.

3. Tsiku loyamba, yendani muli wokhuta

Munthu wanjala amalowa pakhomo loyamba limene waliona, ndipo khomo loyambalo limakhala la m'mbali mwa nyanja, pamene lendi ndi yokwera ndipo mtengo wa lendiyo umalowa m'mbale yanu. Choncho tsiku lofika, mukadya kale, yendani pang'onopang'ono. Siyani msewu wa kugombe, lowerani kumtunda misewu iwiri kapena itatu. Zungulirani kumsika, kokwerera mabasi, kumene asodzi amakocheza mabwato, pafupi ndi sukulu ndi maofesi. Anthu ogwira ntchito m'malo amenewa amadya tsiku ndi tsiku, ndipo sasungitsa malo.

Pali zizindikiro zimene sizinama kawirikawiri. Mndandanda wa zakudya ukakhala waufupi, wolembedwa ndi choko pabolodi ndipo zina zafufutidwa chifukwa zatha, dziwani kuti akuphika za tsiku lomwelo. Mukaona anthu a yunifolomu, madalaivala, manesi, okalamba a m'deralo akudya, malowo ndi odalirika. Koma mndandanda wa masamba khumi wokhala ndi zithunzi ndi zilankhulo zisanu, ndiponso munthu woima pakhomo kumakoka odutsa, zimasonyeza malo amene sayembekezera kuti mudzabweranso. Sindikunena kuti onse otere amaphika moipa, koma ndalama zanu zingagule zabwinopo pangodya yotsatira.

Sankhani malo atatu oyandikana, muwalembe pamodzi ndi nthawi imene amatsegula komanso tsiku limene amapuma, poti ambiri amapuma Lamlungu kapena Lolemba. Oyamba akadzaza, achiwiri ali pafupi.

4. Funsani, koma samalani kafunsidwe

Safunsa anadya phula, koma wofunsa molakwika nayenso amatumizidwa kolakwika. Mukafunsa wolandira alendo kuhotela kuti "Malo abwino odyera ali kuti?" adzakutumizani kumene akuganiza kuti alendo amakonda, kumene kumafunikanso kusungitsa malo. Funsani kuti, "Inuyo mukaweruka mumakadya kuti?" kapena "Banja lanu mumapita nalo kuti Loweruka?" Funso limeneli lifunseni kwa wokonza m'chipinda, wogulitsa zipatso, woyendetsa boti. Anthu awiri osadziwana akatchula malo amodzi, pitani kumeneko.

5. Phunzirani dzina limene malo oterowo amadziwika nalo

Pafupifupi chilumba chilichonse chili ndi mtundu wake wa malo odyera a anthu wamba, ndipo mukadziwa dzina lake theka la ntchito latha. Ku Bali funani warung, kanyumba kodyera koyendetsedwa ndi banja, komwe nthawi zambiri mumaloza chakudya chimene mukufuna. Ku Greece funani taverna, kalesitilanti ka m'mudzi, kapena malo ootcha souvlaki, nyama yotungidwa pakamtengo, ngati mukufulumira. Kumpoto kwa Tenerife kuli guachinche, malo a alimi amene amagulitsa vinyo wopanga okha pamodzi ndi zakudya zochepa za pakhomo. Ku Sicily, chilumba cha dziko la Italy, kuli tavola calda, komwe zakudya zophikaphika zimaikidwa pakauntala, ndipo msika wa Ballarò mumzinda wa Palermo uli ndi ogulitsa zakudya ambiri. Ku Mauritius anthu amaima pamzere kugula dholl puri, chakudya chonga chapati, makamaka cha kumsika waukulu wa Port Louis. Ku Hawaii amati plate lunch, mpunga ndi saladi ya makaroni ndi ndiwo, ndipo kumpoto kwa chilumba cha Oahu kuli magalimoto ogulitsa tinkhanu ta m'nyanja totchedwa shrimp tokazinga ndi adyo.

Misika ya usiku ndiyo imathandiza kwambiri gulu lalikulu, chifukwa aliyense amagula chimene akufuna. Ku Stone Town, ku Zanzibar, ogulitsa amayala matebulo awo madzulo ku Forodhani Gardens. Ku Barbados, Lachisanu usiku anthu amasonkhana ku Oistins kudya nsomba zootcha ndi zokazinga pamatebulo aatali okhalirana. Malo ngati awa alendo amawadziwa kale, choncho funsani mtengo musanaloze.

6. Foni ikuthandizeni, koma musaikhulupirire kotheratu

Tsitsanitu mapu a chilumbacho pa Google Maps mudakali pamalo a intaneti yabwino, chifukwa netiweki imasowa kuseri kwa mapiri ndi m'magombe akutali. Mukakhala pa intaneti, mapuwa amaonetsa malo amene ali otsegula komanso maola amene kumachuluka anthu. Powerenga ndemanga, yambani ndi zatsopano, ndipo yang'anani ngati pali zolembedwa m'chilankhulo cha eni dera. Nthawi zotsegulira zolembedwa pa intaneti zimalakwika kawirikawiri pazilumba, ndiye ngati malowo ali kutali, imbani kaye kapena lembani pa WhatsApp. Kufunsa kuti "Muli ndi malo a anthu awiri pakatha theka la ola?" si kusungitsa malo kwenikweni, koma kumakupulumutsani ulendo wopanda pake.

7. Mukafika pakhomo

Apa ndi pamene ulemu umagwira ntchito kuposa china chilichonse. Perekani moni m'chilankhulo cha kumeneko, ngakhale mawu awiri okha. Musakhale pansi musanauzidwe. Nenani chiwerengero chanu, ndipo sonyezani kuti simusankha: m'kati, panja, pakauntala, tebulo logawana ndi ena, zonse zili bwino. Malo ambiri amasiya kauntala ndi matebulo angapo kuti akhale a ongofika.

Akakuuzani kuti kwadzaza, pali funso limodzi limene limatsegula zitseko: "Pali tebulo limene eni ake abwera mochedwerako? Tidya msanga n'kulisiya nthawi yawo isanakwane." Tebulo losungidwira anthu a 9 koloko limakhala lopanda ntchito 7 koloko, ndipo mwini malo amakondwa kuligulitsa kawiri. Mukalonjeza, sungani lonjezolo. Zikakanika, lembetsani dzina, funsani kuti mudikira nthawi yaitali bwanji, muyendeyende pafupi. Ngati muli oposa asanu ndi mmodzi, vomerani kugawikana matebulo awiri. Ndipo musakwiyire woperekera zakudya. Nyengo ya alendo amakhala ataimirira tsiku lonse, ndipo munthu amene wamulankhula mwaulemu amamukumbukira mawa lake.

8. Mtengo mufunse chakudya chisanafike pamoto

Nsomba ndi zina za m'nyanja zimagulitsidwa molingana ndi kulemera kwake m'malo ambiri. Ku Italy mtengo wolembedwawo umatha kukhala wa magalamu 100 okha, ku Greece wa kilogalamu. Pemphani kuti aiyeze pasikelo mukuona ndipo akuuzeni mtengo wonse. Ku Italy bilu imakhalanso ndi coperto, kandalama kolipirira pokhala pa munthu aliyense. Ku Madeira ndi madera ena a Portugal, buledi ndi tina timene amaika patebulo musanaitanitse timalipiridwa mukadya. Ngati simukutifuna, nenani atichotse. Khalani ndi ndalama zapamanja, makamaka zing'onozing'ono, chifukwa timalo tambiri sitilandira khadi ndipo makina a ATM pachilumba chaching'ono amatha kukhala opanda ndalama.

9. Tetezani m'mimba mwanu

Mzere wautali ndi chizindikiro chabwino, chifukwa chakudya sichikhalitsa. Sankhani chimene chikuphikidwa mukuona ndipo chikubwera chili chotentha. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, ndipo chosungidwa chotentha chikhale pamwamba pa madigiri 60 Celsius. Samalani ndi zam'nyanja zimene zayalidwa patebulo popanda ayezi. Pazilumba za kotentha, monga za ku Caribbean, Pacific ndi Indian Ocean, nsomba zina zikuluzikulu za m'matanthwe a pansi pa nyanja, monga barracuda, zimatha kukhala ndi poizoni wotchedwa ciguatera amene satha ngakhale nsombayo ipse bwanji. Funsani eni dera nsomba zimene iwo amapewa. Ngati pali chakudya chimene thupi lanu limadana nacho, lembani dzina lake papepala m'chilankhulo chawo, muonetse wophika.

10. Khalani ndi pothawira

Usiku wina zonse zidzakanika: boti lachedwa, mvula yagwa, ana atopa. Tsiku loyamba lomwe lija dziwani sitolo ya zakudya ndi malo ophikira buledi amene ali pafupi, komanso nthawi imene amatseka. Sungani m'chipinda buledi, zipatso, madzi ndi china chosaonongeka msanga. Malo ambiri amene alibe tebulo amavomera kukulongedzerani chakudya kuti munyamule, ndiye musanabwerere funsani zimenezo. Ngati mwasankha kukadyera kutali ndi kumene mukugona, funsiranitu nthawi ya basi kapena boti lomaliza, chifukwa pazilumba zambiri takisi zimasowa usiku ukapita.