Kugula zipangizo za maboti ku Netherlands muli ku Kasungu kuno

Ndili ndi shopu ya mapampu ndi zipangizo za injini pa Kasungu pano, ndipo makasitomala anga ambiri ndi a kunyanja, a ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa. Anzanga amalonda amandifunsa ngati makampani a ku Netherlands angayankhe munthu wa mpamba wochepa ngati ife. Amayankha ndithu, bola mugogode pakhomo loyenera ndipo munene chenicheni chimene mukufuna.

Makomowo ndi osiyana. Damen, yomwe idayamba mu 1927 ndipo likulu lake lili ku Gorinchem, imapanga maboti ndi sitima zogwirira ntchito, ndipo ili ndi malo ena opangira ku Cape Town. Royal IHC ya ku Kinderdijk imapanga makina ochotsa matope ndi mchenga pansi pa madzi. Boskalis ndi Van Oord ntchito yawo ndi makontirakiti akuluakulu okumba madoko, choncho musawalembere kufuna pampu. Ife a zinthu zing'onozing'ono timayang'ana makampani ngati Vetus ya ku Schiedam, yogulitsa injini za maboti, mapaipi ndi ziwongolero. Mayina ena muwapeza pa mndandanda wa oonetsa malonda pa Europort, chionetsero cha ku Rotterdam chomwe chimachitika pakapita zaka ziwiri zilizonse, ndi pa METSTRADE ya ku Amsterdam yomwe imachitika mu Novembala. Mndandandawo umaikidwa pa intaneti, simusowa kukwera ndege kuti muuone. Akakutumizani kwa wogulitsa wawo wa m'chigawo chathu chino musakhumudwe, ndi mmene ambiri amagwirira ntchito.

Tsopano kalata, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Lembani m'Chingerezi chosavuta. Iwo amachidziwa bwino. Ife tidazolowera kuyamba ndi malonje ataliatali, mwinanso kupempha kuti atumize mitengo ya zonse zomwe ali nazo. Kalata yotero imangokhala osayankhidwa. Moni mzere umodzi, dzina la bizinesi yanu, kenako nkhani: boti ndi lathabwa kapena lachitsulo, lotalika mamita angati, limanyamula anthu kapena usipa, injini yake ndi ya mphamvu zingati. Ngati mukufuna sipeya, pukutani kachitsulo ka manambala kamene kamakhomedwa pa injini, mukajambule ndi foni pamalo owala kuti nambala iliyonse ioneke. Ine ndimauza mwini boti kuti aikenso tepi yoyezera pambali pa chomwe chathyokacho asanajambule.

Musaiwale kunena kuti nyanja yathu ndi ya madzi opanda mchere. Anzathuwo akamva za boti, maganizo awo amathamangira ku North Sea, nyanja yawo ya madzi amchere. Pansi pa boti lachitsulo amamangirira tizitsulo totchedwa anode, timene timadyeka m'malo mwa botilo. Ta zinc ndi ta madzi amchere, pamene ta madzi ngati athu ndi ta magnesium. Mukapanda kunena, mudzalipira yuro pa chinthu chosateteza boti lanu mokwanira. Za magetsi palibe vuto, kwawo ndi kwathu ndi 230 volts pa 50 hertz.

Amene akuganiza za boti lathunthu afunse kaye ngati lingaphwasulidwe ndi kulowa m'kontena kapena pa thiraki. Sitima ya Ilala idapangidwa ku Scotland mu 1949, idabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, nkudzalumikizidwa ku Monkey Bay. Mpaka lero boti silingayende pa madzi kuchokera ku nyanja ya mchere mpaka kufika ku nyanja yathu.

Akamayankha amanena mosapsatira. Angakuuzeni kuti injini mwasankhayo siyoyenera boti lanu, kapena kuti mtengo mukufunawo sungatheke. Si chipongwe, ndipo kwa ine khalidwe limeneli ndi lopulumutsa ndalama. Nanunso chitani chimodzimodzi. Ngati banki ikuchedwa kukupatsani yuro, monga zimakhalira kuno, auzeni pa tsiku loyamba ndipo mupemphe kuti proforma invoice, chikalata cha mitengo chimene amakutumizirani musanalipire, ikhale ndi masiku okwanira. Chomwe sagwirizana nacho ndi kulonjeza Lolemba nkukhala chete mwezi wathunthu.

Musanatumize khobidi, abale anga, fufuzani. Kampani iliyonse ya kumeneko imalembetsedwa ku KVK, ofesi yawo yolembetsa mabizinesi, ndipo ili ndi nambala ya manambala 8. Ifufuzeni pa tsamba la KVK muone ngati dzina ndi adiresi zikugwirizana ndi za pa invoisi. Akaunti ya banki ya ku Netherlands imayamba ndi NL ndipo ili ndi zilembo ndi manambala 18. Ikabwera imelo yoti asintha akaunti, imani pomwepo, muimbe foni pa nambala ya pa tsamba lawo lenileni. Kuimba sikuvuta: kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala nthawi yawo ndi yathu ndi imodzi, miyezi inayo amatsalira ndi ola limodzi.

Mtengo wa pa kalata si mtengo wa pa Kasungu. Akalemba EXW, katundu mukamutengera pakhomo pa fakitale yawo ndipo ulendo wonse ndi wanu. Akalemba CIF Beira, alipira sitima ndi inshuwalansi mpaka padoko, koma zolipira padoko, thiraki yodzera ku Dedza, kiliyaring'i ejenti ndi msonkho wa MRA zikudikira inu. Onetsetsaninso kuti sadaikemo BTW, msonkho wawo wa 21 peresenti, popeza katundu wotuluka mu European Union salipira umenewo. Katundu akachepa gawanani kontena ndi ena, ndipo sipeya ya m'manja ndi bwino ingobwera pa ndege ku Lilongwe.

Mu Julaye ndi Ogasiti ambiri amakhala pa tchuthi, nthawi yomweyo mwera ukuvutitsa maboti kunyanja kwathu. Itanitsani masipeya anu mvula isanathe. Ndipo bill of lading, chikalata cha katundu wokwezedwa pa sitima, ikatuluka, onani kuti dzina la bizinesi yanu lalembedwa ndendende monga lilili ku MRA, chifukwa pamene mukukonzetsa chilembo cholakwika, kontena imakhala ikuwerengera ndalama tsiku ndi tsiku padoko.