Kalata ya pa fulashi imene inadwalitsa kompyuta yanga

Ndili ndi kashopu kosindikiza mapepala ku Kapata, kuno ku Chipata. Mayi wina anabwera ndi fulashi kuti ndiwasindikizire kalata yofunsira ntchito. Nditaitsegula mu Word, pamwamba panatuluka kamzere kachikasu, ine n'kudina Enable Content osaganiza. Potero ndinaloleza ma macro, timapulogalamu ta mkati mwa fayilo tomwe tingathe kulowetsa vayirasi. Pofika madzulo kompyuta inali ikukwawa ngati nkhono, mafayilo ena akukana kutseguka. Mtima unandiwawa, poti munali ma CV a anthu ambiri.

Ndinazula intaneti, n'kusesa makina onse ndi Microsoft Defender Offline, pulogalamu ya Windows yosakira mavayirasi. Kenako ndinatseka ma macro mu Trust Center (malo a zachitetezo mu Word), n'kuyatsa File name extensions (kuonetsa mathero a maina a mafayilo mu Windows) kuti chifayilo ngati kalata.pdf.exe chizionekera poyera kuti ndi pulogalamu osati kalata.

Tsopano fulashi ya kasitomala imayamba yalowa mu laputopu yakale yopanda intaneti. Wina akadandaula ndimangoti, "Pepani, dikirani pang'ono, ndiyambe ndaiona."