Kasankhidwe ka nsapato ya basketball osataya ndalama pa dzina lokha

Anzanga osewera basketball kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza, musanatulutse ndalama yambani mwaganizira bwalo lomwe mumasewerapo. Mabwalo athu ambiri ndi a simenti, pomwe nsapato zodula zomwe timaziona ku NBA (ligi yaikulu ya basketball ya ku America) zija anazipangira bwalo lathabwa la m'nyumba, labala wake amakhala wofewa kuti azigwira posalala, ndiye mukabwera naye pa simenti yokhakhala yathuyi sachedwa kuperepeseka, mizere kufufutika, basi mwayamba kuterereka.

Zoti ndalama yambiri imapita ku dzina nzoona ndithu. Kampani ya Nike inasainirana ndi katswiri wa basketball Michael Jordan mu 1984, nsapato ya Air Jordan yoyamba inatuluka mu 1985 pa $65, mpaka lero anthu akuilimbirana koma ambiri amangotchenera, poti pa nkhani yofewa mkati inatsalira kutali. Mu 2006 wosewera wina, Stephon Marbury, anatulutsa nsapato ya Starbury ya $14.98 ndipo ankasewera nayo yomweyo mu NBA. Sikuti zodula zonse nzachabe ayi, zina siponji yake imatetezadi mawondo ukamatera, koma zimenezo uzimva ndi phazi, chizindikiro cha pambali sichingakuuze.

Ndiye mukafika pa kaunjika, kaya pa Lizulu kaya pamsika wa pa boma, itembenuzeni kaye muone kunsi. Mizere ikhale yakuya yokhotakhota, mukaidinikiza ndi chikhadabo izikana. Pa Nike mukaona malembo oti XDR dziwani kuti labalayo anapangira mabwalo a panja, imeneyo musaisiye. Kenako igwireni uku ndi uku muipotoze ngati mukufinya chovala, ikangopindika mosavuta pakati ibwezeni, imeneyo idzakubinyitsani. Kumbuyo kwa chidendene kukhalenso kolimba. Onaninso guluu kutsogoloku, chifukwa nsapato yokhalitsa ngakhale ioneke yatsopano guluu amakhala atauma, ndipo zina siponji imangoyoyoka.

Chonde yesani zonse ziwiri, mutavala sokosi yomwe mumasewerera, makamaka masana phazi litafufumako. Mangani zingwe, dumphani pomwepo, thamangani pang'ono nkuima mwadzidzidzi, musachite manyazi ndi wogulitsa, ndalama ndi yanu. Chidendene chisamatuluke, ndipo kutsogolo kutsale mpata wokwana chala chachikulu cha kumanja. Zimandiwawa kuona mwana akusewera zala zitapanikizika kamba koti nsapatoyo yalembedwa Jordan, mwinanso ili feki.

Mukagula musamayendere mumsewu, iziyenda mu chikwama mpaka pabwalo, ndipo kunsi muzipukuta ndi kansalu konyowa poti fumbi lathuli ndi lomwe limatereretsa. Ikayamba kumatuka pitani nayo msanga kwa wosoka nsapato, koma ngati ili ya kathumba ka mpweya kunsi muuzeni amate ndi guluu, singano isafike pamenepo.