Momwe timu yaing'ono ya ku Mangochi ingakonzekerere chikho cha FDH Bank

Chikho cha FDH Bank, chomwe chidayamba m'chaka cha 2021 ndipo chimayendetsedwa ndi bungwe loyang'anira mpira wamiyendo m'Malawi la FAM, chimapatsa matimu a m'zigawo mwayi wokumana ndi akuluakulu a mu Super League. Popeza ndi mpikisano wachipulula, timu ikagonja kamodzi ulendo wake umathera pomwepo. M'chaka cha 2022 timu yachisodzera ya Bullets idafika mu ndime yotsiriza, ndipo mu 2024 Blue Eagles, yomwe panthawiyo idali kunja kwa Super League, idatenga chikhochi pogonjetsa Bullets pa mapenate. Choncho timu ya ku Namwera, ku Monkey Bay kapena ya pa Boma isalowe mumpikisanowu mongoperekeza anzake.

Yambani ndi mapepala mpira usanagundidwe n'komwe. Mlembi wa timu aonetsetse kuti wosewera aliyense walembetsedwa mu Mpira Connect, kaundula wa osewera wa pa intaneti wa FAM, ndipo dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana ndi zomwe zili pa chiphaso chake cha unzika. Musabwereke mnyamata wa timu ina chifukwa choti amagoletsa kwambiri, pakuti anzanu akakadandaula ku bungwe, chipambano chomwe mudachikhetsera thukuta chidzapita kwa iwo. Mlembiyo azilembanso m'kope makadi achikasu ndi ofiira, kuti amene waletsedwa kusewera asalowe m'bwalo.

Kenaka khalani pansi ndi osewera n'kuunika za moyo wawo. Kuno kwathu anyamata ambiri ndi asodzi, ndipo munthu amene wachezera pa nyanja kupha usipa ndi nyali sangathamange mphindi 90 masana ake. Ndidaonapo mnyamata wa kumbuyo akufika pabwalo manja ali ndi mamba, maso ali psuu ndi tulo, ndipo chigawo chachiwiri chisanafike pakati minofu ya m'miyendo idamukoka. Gwirizanani ndi eni mabwato kuti osewera apume masiku awiri masewero asanachitike, ndipo komiti iwapatseko kangachepe kogulira ufa kunyumba. Muganizirenso abale athu Achisilamu pokonza nthawi ya zokonzekera, makamaka Lachisanu komanso m'mwezi wa Ramadan.

Mukapatsidwa mwayi wosewerera pa Mangochi Stadium, kutentha kwa kuno kukhale mbali yanu. Chitani zokonzekera zina m'nthawi yomwe masewero amachitika, dzuwa likuswa mtengo, ndipo madzi akumwa akhale okwanira. Alendo ochokera kozizira amayamba kupuma mobanika chigawo chachiwiri, choncho musathe mphamvu zonse koyambirira. Ngati mukupita koyenda ku Blantyre kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba, nyamukani dzulo lake, chifukwa kutsika minibasi n'kulowa m'bwalo miyendo ili dzanzi n'kudzipereka nokha.

Nkhani ya mapenate ndiyo ndikufuna mphunzitsi aliyense aigwiritse. Timu yaing'ono ikatchinga bwino kumbuyo mpaka kufanana mphamvu ndi yaikulu, mapenate ndiwo amagamula, ndipo pamenepo dzina la timu silithandiza aliyense. Tsiku lililonse mukamaliza zokonzekera, osewera atatopa kale, aliyense ayende kuchokera pakati pa bwalo, atchere yekha mpira pa mamita 11 ndi kumenya kamodzi kokha, monga momwe zimakhalira pa tsikulo. Malamulo amalola okhawo amene anali m'bwalo pomwe woyimbira amathetsa masewero, choncho mphunzitsi asatulutse katswiri wa mapenate mphindi zomalizira. Sankhani omenya asanu oyamba ndi owatsatira awo usiku wake, osati pomwe ochemerera akusokosa. Goloboyi nayenso azolowere kusiya phazi limodzi pa mzere wa golo kufikira mpira utamenyedwa, chifukwa akatsogola n'kuugwira, woyimbira adzalamula kuti penateyo ibwerezedwe.