Mmene kagulu kangagawanirane ntchito ya driver wa Wi-Fi mu Linux

Ambiri amene timakonza makompyuta pa boma la Mchinji ndi pa Kamwendo timagula tizipangizo ta Wi-Fi tobaya pa USB ku Lilongwe kapena kutsidya ku Chipata, ndipo si zachilendo kuti kachipangizo kamene kamagwira bwino pa Windows kakhale chete tikakabaya pa kompyuta ya Linux. Vuto limakhala pa driver, pulogalamu imene imalankhulitsa kernel (phata la Linux limene limayendetsa zipangizo za kompyuta) ndi chipangizocho. Ngati mwagwirizana anthu atatu kapena anayi kuti mukonze vuto lotere, zimene zingakulepheretseni kwambiri si kuchepa kwa luso ayi, koma kuti aliyense azichita zake osadziwa zimene mnzake, kapena munthu wina kunja kwa dziko lino, wachita kale.

Musanalembe kanthu, dziwani chip imene ili mkati, kachidutswa kamene kamagwira ntchito yeniyeni ya Wi-Fi. Dzina la pa katoni musalikhulupirire. TP-Link TL-WN722N yoyamba inali ndi chip ya Atheros AR9271, imene imagwira ndi driver wa ath9k_htc, koma zotuluka pambuyo pake, zokhala ndi dzina lomwelo, zili ndi chip ya Realtek RTL8188EUS, imene imafuna driver wina. Lamulo la lsusb, mukalilemba pa kompyuta ya Linux, limaonetsa manambala awiri, ya kampani ndi ya chipangizo, mwachitsanzo 0cf3:9271, ndipo ngati khadi ili mkati mwa laputopu gwiritsani ntchito lspci -nn. Munthu mmodzi akhale wosunga kaundula wa gulu, momwe muzilembedwa manambala amenewa, mtundu wa kernel, ndi zimene dmesg, pulogalamu yoonetsa mauthenga a kernel, yanena chipangizocho chitangobayidwa. Ntchito imeneyi imaoneka yaing'ono, koma gulu lopanda kaundula limatha sabata likukangana pa zipangizo ziwiri zosiyana likuganiza kuti ndi chimodzi.

Kenako fufuzani mwini ntchito, pakuti safunsa anadya phula. Mu kernel muli fayilo yotchedwa MAINTAINERS, ndipo scripts/get_maintainer.pl imakupatsani mayina a anthu oyang'anira fayilo iliyonse. Ma chip a Intel ali pansi pa driver wa iwlwifi, ambiri a MediaTek pansi pa mt76, ndipo a Realtek amagawika pakati pa rtl8xxxu, rtw88 ndi ena. Kawirikawiri mudzapeza kuti driver alipo kale ndipo chikusoweka ndi nambala ya chipangizo chanu pa mndandanda wake, kapena fayilo ya firmware, pulogalamu yoyenda mkati mwa chip, imene imapezeka mu nkhokwe yotchedwa linux-firmware. Kusintha mzere umodzi wotere ndi ntchito yeniyeni, ndipo kumathandiza aliyense amene anagula kachipangizo kofanana ndi kanu.

Pano ndiyenera kutsindika mfundo imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse. Pa intaneti pali ma driver ambiri ochokera ku makampani amene munthu angatsitse n'kuwamanga yekha, ndipo amagwiradi ntchito mpaka tsiku limene kernel yasinthidwa, pamene amasweka n'kufuna wina wowakonzanso. Gulu laling'ono silingasenze katundu ameneyo chaka ndi chaka. Cholinga chanu chikhale chakuti ntchito yanu ilowe mu kernel yeniyeni, momwe wosintha mbali ina amayenera kukonzanso ma driver amene akhudzidwa. Izi zikutanthauza kuti driver wanu adalire cfg80211 ndi mac80211, zigawo za kernel zoyendetsa Wi-Fi zimene Johannes Berg wakhala akuyang'anira kwa zaka zambiri, m'malo mobwera ndi njira zakezake zochitira zimene zigawozo zimachita kale. Zikutanthauzanso kuti zolemba zanu zigwirizane ndi chilolezo cha GPL 2 chimene kernel imayendera, choncho mugwirizane msanga kuti palibe amene adzakopere mizere kuchokera kumene chilolezo chake sichikudziwika.

Pogawana ntchito, wolemba asakhale yemweyo woyesa. Woyesayo ayese kulumikiza pa netiweki yotetezedwa ndi WPA2, kutumiza fayilo yaikulu, kuzula ndi kubayanso chipangizo, komanso kugoneka laputopu n'kuidzutsa, chifukwa ma driver ambiri amagwera pamenepo. Aikenso dziko ndi lamulo la iw reg set MW, popeza mafunde ololedwa amasiyana dziko ndi dziko, ndipo kwathu amene amayang'anira zimenezi ndi MACRA. Chinthu chikasweka chimene kale chinkagwira, git bisect (lamulo la git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha zonse) idzakuthandizani kupeza kusintha kumene kunabweretsa vutolo.

Za bandulo ndi magetsi tisazibise. Mbiri yonse ya kernel mu git ndi magigabayiti angapo, motero mmodzi atsitse kamodzi, ena akopere pa fulashi, kenako aliyense azingotenga zatsopano zokha. Zolemba zanu muzisunga mu git pafupipafupi, kuti magetsi akathima musataye ntchito ya tsiku lonse.

Potumiza ntchito yanu kwa oyang'anira, gulu lilankhule ndi pakamwa pamodzi. Patch iliyonse, kutanthauza fayilo yoonetsa mizere imene mwasintha, ikonze chinthu chimodzi, idutse pa scripts/checkpatch.pl, ndipo ikhale ndi mzere wa Signed-off-by wotsimikiza kuti wolembayo ali ndi ufulu wopereka ntchitoyo. Woyesa alembedwe pa mzere wa Tested-by, chifukwa thukuta lake liyenera kuoneka, komanso oyang'anira amakhulupirira msanga patch imene yayesedwa pa chipangizo chenicheni. Kukonza cholakwika kumapita ku nthambi ya wireless, pamodzi ndi mzere wa Fixes wotchula kusintha kumene kunabweretsa vutolo, pomwe zinthu zatsopano zimapita ku wireless-next. Tumizani ndi git send-email kuti mizere isasokonekere m'njira.

Kernel yatsopano imatuluka pakatha masabata 9 kapena 10, ndipo masabata awiri oyamba a nyengo iliyonse oyang'anira amakhala otanganidwa kutumiza zimene anasonkhanitsa kwa Linus Torvalds, choncho yankho likachedwa nthawi imeneyo musatumizenso mobwerezabwereza. Akakubwezerani ndi ndemanga, yankhani mfundo iliyonse mwaulemu, konzani, ndipo tumizani patch yachiwiri yolembedwa v2, mutafotokoza zimene zasintha. Wosunga kaundula alembe tsiku limene patch yalandiridwa ndi mtundu wa kernel imene idzatulukiremo, kuti woyesa adzabayenso kachipangizo kaja pa kernel imeneyo n'kuona ngati kakugwiradi.